Manja Ozizira a Amayi Magdalene Gausi

Tsamba la parishi mwezi uno likukumbukira amayi Magdalene Gausi a kuno ku Kanyama, amene tinawaperekeza kumanda mvula itangoyamba. Komiti inapempha kuti mbiri yawo ilembedwe mwaulemu ndi mofatsa, monga timachitira ndi onse amene anatumikira Mulungu pakati pathu. Ulemuwo ulipo, wochuluka ndithu. Kufatsako ndiye kukhala kovuta, chifukwa mayi amenewa tinawatopetsa, ndipo iwo sanabisepo tsiku ndi limodzi lomwe kuti tawatopetsa.

Anabadwira mu Lusaka momwemuno. Bambo awo anachokera ku Dedza wapansi kudzaphwanya miyala kumadzulo kwa mzinda, ndipo kumudzi sanabwererenso. Mayi awo ankafulula munkoyo, thobwa la kuno, n'kumagulitsa kwa ophwanya miyalawo. Magdalene anali woyamba pa ana ambiri, choncho msana wake unadziwa kubereka mwana mutu usanadziwe kuwerenga. Sukulu ya mishoni anangoilawa, nailekeza mayi ake atayamba kudwaladwala, koma katekisimu anamuloweza yense. Amene anakula naye amati anali mwana womvera koma wapakamwa: ukamutuma ankapita ndithu, koma njira yonse akulongosola chifukwa chake sunayenera kumutuma. Khalidwe limeneli anakula nalo, nalowa nalo mu Gulu la Maria, ndipo sitikukayika kuti afika nalo kumwamba.

Anakwatiwa mu tchalitchi ndi Rodgers Gausi, kondakitala wa mabasi, munthu wosayankhulayankhula, zimene zinathandiza kwambiri banjalo. Mulungu anawapatsa mwana mmodzi yekha, Josiah. Mwanayo atayamba sukulu, amayi Magdalene anapeza ntchito yosesa ndi kukolopa pa kiliniki ya m'komboni, ndipo maso awo anatsegukira pamenepo. Ankaona ana a chikuku akubwera nawo mochedwa, zikope zitamatirana, mkamwa muli zilonda zokhazokha, chifuwa chikulira. Ankaonanso anzawo amene analandira katemera pa nthawi yake akuthamangitsana panja, nyengo yomweyo, mumsewu womwewo. Sanafunikire munthu wowamasulira. Ankati katemera ndi mphatso ya Mulungu yobwera m'kabotolo, ndipo kuikana n'kubweza dzanja la Mwini wake. A Rodgers anamwalira ndi chibayo Josiah ali mnyamata, nasiya akazi awo akadali ndi mphamvu zonse ndi tsitsi lakuda bii. Amayi Magdalene analira maliro awo mokwanira, nabwerera ku tsache, ku Misa ya m'mawa ndi kuzonda odwala.

Kenaka zinafika zaka zija zimene ambiri sitifuna kuzikumbukira. Makampani anagulitsidwa, ena anangotsekedwa, ntchito zinatha. Nawonso amayi Magdalene anawalanda tsache, nayamba kukazinga zitumbuwa pa kantemba, kachisakasa kogulitsirapo, pafupi ndi mpopi. Amuna a m'Kanyama anabalalika. Wina ku Nakonde kukaoda katundu, wina ku Joni, wina kumafamu a ku Mkushi, aliyense akulonjeza kuti abwera mwezi wamawa. M'mbuyo ankasiya akazi apakati, m'manja mwa apongozi.

Apa ndiye panagona vuto, ndipo tilifotokoze poyera popeza ana a lero ena sakulidziwa. Makolo athu anabwera ndi mwambo wakuti khanda ndi lozizira, pamene munthu aliyense amene akugona ndi mkazi kapena mwamuna wake ndi wotentha. Wotentha akagwira khanda, amati, mwanayo amatenga tsempho: amatupa miyendo, n'kumanyentchera mpaka kufa. Chimene chimamulimbitsa ndi mwambo wa kutenga mwana, umene bambo ndi mayi ake amachita okha kuchipinda. Kumudzi zimenezi sizinkachedwa, pakuti bambo anali pomwepo. Koma bambo ali ku Joni, ndani atenge mwana? Choncho m'Kanyama munadzaza makanda okhala kale pansi, ena omera mano, amene ankawerengedwabe ngati obadwa dzulo. Kusikelo sankapita nawo. Pamzere pali amayi okwatiwa ofuna kusisita tsaya la mwana aliyense, woyeza sikelo ndi wokwatira, namwino wobaya katemera ali ndi mphete pachala. Agogo ankangotseka chitseko n'kunena kuti mwana adzabayitsa bambo ake akabwera.

Amayi Magdalene mwambowu sankaukhulupirira ngakhale pang'ono, ndipo ankanena. Ankati Mulungu amene anadalitsa ukwati sangaike moto m'manja mwa okwatirana kuti uziwotcha ana awo omwe. Ananena zimenezi pampopi, pamaliro, kumphakati, mpaka mawu anasasa. Anthu ankavomera kuti amayi anena zoona, n'kubwerera kunyumba kukatseka chitseko chomwe chija. Tsiku lina gogo wina, pofuna kuwatseka pakamwa, anawauza kuti ngati chisoni chawagwira chotere amutenge okha mwanayo, popeza iwo ndi mayi wamasiye, manja awo ndi ozizira. Ankayesa kuti awachititsa manyazi. Amayi Magdalene anaphula mafuta pamoto, nakutumula nsalu yawo, nati mwanayo abwere.

Umu ndi mmene unayambira utumiki umene mpingo sunaukonzepo ndipo sunaupatsepo dzina. Kubereka mwana aliyense akanatha. Koma kuima pamaso pa namwino wa yunifolomu n'kumuuza kuti manja ake akhale kumbuyo, zimenezo akanatha ndi munthu mmodzi yekha m'Kanyama monse. Sisitala Mukupa, namwino amene ankabaya katemera masiku amenewo, ankawadziwa kuyambira nthawi ya tsache, ndipo tsiku loyamba anakwiya zedi.

"Imwe ba Magdalene, pano ni pa kiliniki, si kwa ng'anga," anatero namwinoyo. "Nizamulasa bwanji mwana osamugwila?"

"Nizagwila ine, imwe mulase chabe," anayankha amayi Magdalene. "Muganiza ine nikondwela navo? Ni vaupuba, vopusa, niziba. Manje musankhe, vaupuba na nyeleti ya katemela, olo vanzelu na kabokosi ka malilo."

Sisitala Mukupa anasankha. Kuyambira pamenepo amayi Magdalene ankavula mwana okha, kumuika m'kathumba ka sikelo okha, kutsina ntchafu kapena mkono okha, kutsegula kakamwa okha kuti madontho a poliyo agwere. Namwino ankangofikitsa singano. Agogo a m'komboni anakhala upo wawo nagamula kuti chitsulo sichinyamula moto. Nzeru imeneyi anaitenga kuti, musatifunse. Pamzere, mayi aliyense wotambasula dzanja kuti aseweretse mwana ankakumana ndi chigongono cha mayi wa Gulu la Maria.

Tsiku la sikelo kantemba kankakhala kotseka. Ankayamba m'mawa khomo ndi khomo, wina kumsana, wina pachifuwa, mayi wa mwana akutsatira m'mbuyo ndi thewera. Nthawi ya mvula, pamene m'Kanyama mumasanduka dziwe, ankadumpha pa miyala ndi njerwa zimene anthu amaika m'madzi, kolona ili m'dzanja, akupemphera ndi kudandaula mosinthanasinthana, moti sunkadziwa pamene Tikuoneni Maria wathera ndi pamene apongozi a eni ake ayambira. Ankauza Mulungu mosapita m'mbali kuti anthu ake ndi ouma mitu, ndipo kuti akanakhala iwo akanawalenga mwina. Akatero n'kugogoda pa khomo lotsatira.

Kutsidya kwa msewu, moyang'anana ndi kantemba kawo, kunali bambo Fackson, okhoma zidebe ndi mbaula, ochokera ku Katete, nawonso ofedwa mkazi. Ankaimba besi m'kwaya. Anayamba ndi kuwakonzera chiwaya chokazingira zitumbuwa, chimene sichinali chowonongeka kwenikweni, kenaka chitseko, kenaka malata a denga. Amayi Magdalene ankawakalipira kuti amakhoma mosokosa, kuti amavala malaya osasita, kuti besi yawo imatsalira m'mbuyo nyimbo ikafulumira. Bambo Fackson ankangomwetulira n'kumakhomabe. Tinene mosabisa: anawakonda, ndipo amayi Magdalene anawakondanso, kukonda kwa munthu wamkulu amene wakhala yekha nthawi yaitali, Josiah atapita kukagwira ntchito ku Kitwe, m'nyumba mukungomveka mbewa. Atafunsiridwa anayankha kuti aganiza kaye, koma sabata yomweyo anagula nsalu yatsopano.

Lamulungu limene katekisiti analengeza ukwati wawo koyamba, tchalitchi chinagwedezeka ndi nthungululu. Amayi omwewo amene anaimba nthungululu ndi amene anatseka zitseko tsiku la sikelo litafika. Amayi Magdalene anayenda khomo ndi khomo monga mwa masiku onse, nabwerera kumsana kulibe kanthu. Uyu akuti mwana ali ndi chimfine, uyu akuti amake apita kumsika. Amene ananena zoona ndi amayi Mainess, apongozi a mtsikana wina dzina lake Sophia.

Sophia anali ndi mwana wamkazi, Taonga, amene anali atangofika pa msinkhu wa katemera wa chikuku. Bambo wa mwanayo anapita ku Joni Sophia ali ndi pakati, ndipo kuchokera pamenepo kunangobwera wailesi ndi moni. Akatemera onse oyamba Taonga analandirira m'manja mwa amayi Magdalene. Kunatsala ameneyu yekha, ndipo chikuku chinali chitayamba kale kumunsi kwa ngalande yaikulu.

"Ba Magdalene, ise tikondwela kuti mukwatiliwa," anatero amayi Mainess ataima pakhomo, manja m'chiuno. "Koma mwamuna akayamba kukonza malata, ise tingazibe bwanji pamene afikila? Mwana uyu akali wozizila."

Amayi Magdalene anatsala pang'ono kugwa. Iwo, olandira Ukaristia Lamulungu lililonse, kuganiziridwa zotere ndi mayi amene amafika ku Misa ulaliki utatha. Analumbira, anatulutsa kolona, anatchula dzina la malemu amuna awo. Amayi Mainess anati zonsezo amva, koma mdzukulu ndi wawo. Sophia anaima kumbuyo kwa apongozi ake, mwana ali m'manja, misozi ikutsika koma pakamwa osatsegula. Nyumba imene ankagonamo ndi ufa umene ankadya zinali za apongoziwo.

Amayi Magdalene anapita kwa bambo mfumu. Iwo anawauza kuti ukwati ndi sakramenti, asausiye chifukwa cha mantha a anthu, ndipo analonjeza kulalikira za nkhaniyi. Analalikiradi, ulaliki wamoto, tsiku limene ukwati unalengezedwa kachiwiri. Mpingo wonse unati amen, amayi Mainess mokweza kuposa onse. Tsiku la sikelo palibe anatsegula. Pamenepo amayi Magdalene mtima unawaphulika. Anati ana ndi a eni ake, iwo sanabale Kanyama, amene akufuna kuika mwana wake m'manda chifukwa cha mphete ya namwino aike. Anakhala pakhomo pawo nayamba kusoka diresi la ukwati, akubaya nsaluyo ngati yawalakwira.

Diresilo silinathe. Pa bwalo lomwelo limene Sophia ankakhala, m'nyumba za lendi zogundana makoma, munamwalira khanda ndi chikuku, limodzi mwa makanda amene agogo awo anabweza amayi Magdalene pakhomo. Atapita kukakhuza maliro anapeza amayi atadzazana m'kachipinda, ana ali pamiyendo, ena akutsokomola. Pakona panali Sophia, Taonga akuyamwa. Amayi Magdalene anaimba nawo nyimbo imodzi, yachiwiri inawakanika. Ankadziwa bwino lomwe mmene chikuku chimayendera pa bwalo la mpopi umodzi ndi chimbudzi chimodzi. Anadzuka, napita molunjika kumene kunkamveka nyundo.

Bambo Fackson anawaona akubwera, naika nyundo pansi. Amayi Magdalene sanakhale pa benchi monga ankachitira. Anafotokoza ali chiimire, mokalipa, ngati wolakwa ndi bambo Fackson: kuti anthu awa ndi opusa, kuti apongozi onse a m'Kanyama akanayenera kumangidwa mtolo umodzi, koma kuti mwana wa Sophia alibe mlandu. Bambo Fackson anati akwatirane basi, anthuwo adzazolowera. Amayi Magdalene anati adzazoloweradi, koma chikuku sichikhala pansi kudikira kuti amayi Mainess azolowere.

"Manje ine nichite bwanji?" anafunsa bambo Fackson.

"Muyembekeze chabe chikuku chisile," anatero amayi Magdalene. "Chikasila tizapitiliza."

Amayi Mainess atauzidwa kuti ukwati uyamba wadikira, sanakhutire ndi mawu apakamwa. Anati zimene zinalengezedwa mu tchalitchi zikafafanizidwe mu tchalitchi. Choncho Lamulungu limene tinkayembekeza chilengezo chomaliza, katekisiti anaimirira, natsokomola, nanena kuti ukwati wa Fackson ndi Magdalene waimitsidwa. Bambo Fackson anali m'kwaya, pamaso pa anthu onse, atavala malaya ositidwa bwino. Anaweramitsa mutu, ndipo nyimbo yopereka mphatso itayamba anaimba besi yawo monga mwa nthawi zonse. Amayi Magdalene anayang'anitsitsa mtanda, misozi ikutsika, atakwiya ndi misoziyo. Ife amene tinalipo tinachita manyazi, koma manyazi athuwo sanatsegule pakamwa pa munthu ndi mmodzi yemwe.

M'mawa mwake amayi Magdalene sanadikire tsiku la sikelo. Anagogoda kwa amayi Mainess, nalandira Taonga osapereka moni, napita naye kukiliniki, naumiriza Sisitala Mukupa kutsegula kabotolo. Namwinoyo anati kabotolo kamodzi ndi ka ana ambiri, sangakatsegulire mmodzi. Amayi Magdalene anati atsegule, anawo akubwera. Anabwereranso m'komboni natenga wina, ndi winanso, mpaka dzuwa linapendeka. Chikuku chinadutsa pa bwalo lija, chinatenga amene chinatenga. Taonga sichinamukhudze.

Chikuku chinatha, koma makanda sanathe. Amuna anapitirira kupita, akazi anapitirira kubala, ndipo nthawi iliyonse panali mwana wina amene watsala ndi katemera mmodzi. Pasaka ikayandikira bambo Fackson ankawoloka msewu n'kufunsa ngati nthawi yakwana. Amayi Magdalene ankatchula dzina la khanda, n'kuwakalipira chifukwa chofunsa. Josiah atamva nkhaniyi anabwera ndi ukali, nati mayi ake sangataye banja chifukwa cha ana a anthu osayamika. Amayi ake anavomera kuti ndi osayamikadi, nawonjezerapo mayina ena amene Josiah anaiwala, m'mawa mwake namusiya akumwa tiyi iwo atabereka mwana.

Kuphunzitsa sanasiye. Ankagwira atsikana ongokwatiwa n'kuwauza kuti azipita okha kusikelo, ndipo ena anamveradi, makamaka amene apongozi awo anali kutali. Koma ena ankayankha mwaulemu kuti n'kuvutikiranji pamene amayi Magdalene alipo. Yankho limeneli linkawapweteka kuposa chipongwe. Anazindikira kuti manja awo, amene ankapulumutsa ana, ndi omwenso ankasunga mwambo uja kuti usafe, ndipo analibe potulukira: akasiya, wovutika ndi khanda. Nkhani imeneyi anaitengera m'kanyumba kolapira kangapo, ndipo amene ankadikira pamzere amati mawu omveka kunja anali a amayi Magdalene okha.

Anthu anayamba kuwatcha oyera. Izi zinkawanyansa. Ankati woyera amachita zinthu mokondwa, pamene iwo sanabereke mwana ndi mmodzi yemwe osang'ung'udza. Ife tikuona mwina. Kutcha munthu woyera kunali kosavuta kusiyana ndi kutsegula chitseko, ndipo tinasankha chosavutacho. Tinkawapatsa mpando wakutsogolo pa zikondwerero, tinkawatchula m'mapemphero, koma palibe mphakati umene unakhalapo pansi n'kunena kuti mayi uyu timumasule akakwatiwe. Bambo Fackson akazi ena anawafuna, pakuti mwamuna waluso ndi wosamwa sanali wopezekapezeka zaka zimenezo. Sanayang'ane aliyense. Chakumadzulo ankadya pakhomo pa amayi Magdalene, panja, poonekera kwa onse odutsa, kuti pasapezeke gogo wonena kuti manja aja atentha. Dzuwa likamalowa ankatsuka mbale yawo n'kuwoloka msewu.

Tsitsi linachita imvi, mawondo anayamba kukana miyala ya m'madzi. Sisitala Mukupa anapuma pantchito, koma asanachoke anauza owalowa m'malo kuti mayi wachikulire wolongolola akabwera ndi mwana asalimbane naye. Kenaka mtima wa amayi Magdalene unayamba kufooka, miyendo kutupa. Atamva kuti ena akunong'ona kuti ndi tsempho, anaseka mpaka kutsamwa, nati akanakonda likanakhala tsempho, bwenzi pali chimene analawapo. Josiah anafuna kuwatengera ku Kitwe, iwo anakana. Ana omaliza anapita nawo kusikelo atakhala mu wilibala, mwana ali pachifuwa, bambo Fackson akukankha m'matope ndi kuuzidwa njira yonse kuti sadziwa kukankha.

Masana ena, atalandira masakramenti, anapempha kuti awatulutse panja pamthunzi wa khoma. Amayi a Gulu la Maria ankapemphera kolona chapansipansi. Bambo Fackson anakhala pa kampando pambali pa mphasa, chipewa chili pa bondo. Amayi Magdalene anawayang'ana nthawi yaitali.

"Ba Fackson, nakuchedwesani," anatero.

"Mwanichedwesa zoona," anayankha bambo Fackson.

"Nenze kufuna, mwaziba?"

"Nenze kuziba."

Amayi Magdalene anatambasula dzanja. Bambo Fackson anayang'ana kaye amayi opemphera aja, mwa chizolowezi cha zaka zonsezo, kenaka analigwira. Amayi Magdalene anang'ung'udza kuti zikhatho zawo ndi zokhakhala, koma dzanjalo sanalichotse. Anatseka maso kolona isanathe, ndipo anapita mwakachetechete, chinthu chokhacho chimene anachita mwakachetechete moyo wawo wonse.

Pamaliro panadzaza anyamata ndi atsikana a chipsera cha katemera pamkono, ambiri osadziwa n'komwe kuti unawapititsa kukiliniki ndi msana uti. Tinaimba bwino, tinayankhula bwino. Tsiku la sikelo litafika, pa nyumba ina kumunsi kwa ngalande panali khanda limene bambo ake ali kumigodi ku Solwezi, ndi gogo wake ataima pakhomo akufunsa odutsa kuti tsopano atani. Ife tinangodutsa. Amene anafika ndi bambo Fackson, ndodo kudzanja, nsalu yoberekera itapindidwa kukhwapa. Gogoyo anazengereza. Anati mwamuna sanachitepo ntchito imeneyi, ndipo za mwamuna munthu sangadziwe ngati ndi wozizira kapena ayi.

"Amai, Kanyama yonse iziba," anatero bambo Fackson. "Ni imwe munanizizilisa. Nipaseni mwana."

Gogoyo anawathandiza kumanga nsalu, popeza bambo Fackson mfundo yake sankaidziwa, ndipo nkhalamba ija inatsika mumsewu wamatope ndi mwana wa eni ake kumsana, ikuyesa mwala uliwonse ndi ndodo isanaponde.

Pa mbiri ngati ino timathera ndi kunena kuti tiwatsanzire malemu. Amayi Magdalene akanatikalipira. Sanafune wina wolowa m'malo mwawo. Anafuna kuti mayi aliyense atsegule chitseko, abereke mwana wake yekha, ampereke m'manja mwa namwino mopanda mantha. Ambuye awapatse mpumulo umene ife tinawamana, ndipo kuwala kosatha kuwawalire. Bambo Fackson akalamba, mawondo awo sali bwino, ndipo mvula ya chaka chino yangoyamba kumene. Sikelo ndi Lachinayi.